Sanawauze Kuti Akusamuka

Alamu, tembenuzani chimangacho chisapserere, ndipo musiye kundiseka. Mwafunsa chimene ndinabwera nacho ku America kupatula chikhothi ichi ndi mimbayi. Chabwino, ndikuuzani. Koma amene akudzidziwa kuti ndi wamantha asendere kufupi ndi mbaula, chifukwa ndikayamba sindibwerera m'mbuyo.

Inu mukamva America mumaganiza za nyumba zosanja zogunda mitambo. Kumene ndinali ine kunalibe zimenezo. Kanali katauni kotchedwa Wendel, kochepa kuposa pa Ntcheu boma: msewu waukulu umodzi, matchalitchi atatu, sitolo ya zipangizo zaulimi, kenako minda ya chimanga mpaka polekezera maso. Ntchito yanga inali yoyendetsa minibasi ya nyumba yosungirako okalamba. Kupita nawo kuchipatala, kutchalitchi, kokagula mankhwala, n'kuwabweza. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuchita zimenezo, ine Fanuel Chimbalanga, amene kuno ndinkakana ngakhale kuperekeza azakhali kuchigayo.

Mwa okalamba onsewo, amene ndinazolowerana nawo kwambiri anali a Orrin Haskett. Mdala wamtali, wowonda, wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu, pakamwa powawa ngati kambuzi. Kumeneko ngakhale kamwana ka mamina kamaitana nkhalamba ndi dzina lake, koma ine lilime linkakana. Ndinkati “bambo,” iwo n'kumati, “Ndinakubereka liti iwe?” Koma tsiku limene ndaiwala kuwatchula choncho ankakwiya mpaka madzulo.

Wendel amene ndinkakhalamoyo sanali woyamba. Woyamba ali pansi pa madzi. Zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi zapitazo anatseka mtsinje wa Sorrel n'kumanga damu, ndipo tauni yonse inauzidwa kuti ikwere kumtunda, makilomita khumi ndi awiri. Nyumba zina anazikoka zathunthu pamalole, zina anagwetsa. Manda nawo anafukula, mafupa n'kukawaika paphiri la kumpoto kwa tauni yatsopano. Zonsezi ndinazimva kwa mayi Lorna Tibbets, amene ankasunga nyumba ya mbiri ya dera lonselo. Nyumbayo inali siteshoni yakale ya sitima, yodzaza ndi zithunzi, mapulawo a dzimbiri, nsimbi zamakala ndi mabuku a mayina. Lachinayi lililonse ndinkapita nawo okalamba kumeneko kuti akaloze zithunzi n'kumakangana kuti waima kumapetoyo ndi mwana wa ndani. A Orrin okha sankatsika. Ankatsala m'galimoto, nkhope ili kumbali.

Chaka chimene ndikunenachi kunagwa chilala. Chimanga chinauma chisanabereke, madzi a m'damu n'kuyamba kuphwa. Pofika Sepitembala msewu wakale, umene kale unkangolowa m'madzi n'kusowa, unaonekera wonse. Kenako maziko a nyumba. Kenako masitepe a tchalitchi, anayi, okwera osafika paliponse. Anthu ankapitako Lamlungu kukajambula zithunzi, ana akuthamanga m'misewu imene agogo awo ankasewera.

Ndi nthawi imeneyo pamene zinthu zinayamba kusowa kwa mayi Lorna.

Choyamba anali kiyi. Kiyi wamkulu wachikale, wa chitseko cha nyumba ina ya m'tauni yomirayo, amene anakhala m'kabati ya galasi zaka makumi anayi. M'mawa wina kabati inali yotseka bwinobwino, kiyi mulibe. Anamutola mlimi wina patatha masiku awiri, ali pakhomo la maziko ena kudamu kuja, ataikidwa mosamala pamwala wopondapo polowa. Sabata yotsatira inasowa nsimbi. Kenako kabelu kam'manja ka kusukulu yakale. Zonse ankazipeza kumeneko, chilichonse pamalo amene chinkakhala madzi asanabwere.

Mayi Lorna anasintha maloko kawiri. Anali mayi wolimba mtima, mphunzitsi wopuma, wosakhulupirira chinthu chimene sichinalembedwe papepala. Koma Lachinayi lina anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu.

“Fanuel, ndi akuba amtundu wanji osiya kompyuta patebulo n'kutenga nsimbi yamakala?”

“Mwina ndi ana osewera, mayi.”

“Ana amasiya pansi pali ponyowa? Mvula inagwa liti kuno?”

Ndinanunkhiza. M'chipindamo munali fungo la matope a pansi pa dziwe, lija limatuluka mukamavuula nsomba madzi ataphwa. 

Panalinso zina zing'onozing'ono. Agalu a mlimi uja anasiya kutsika msewu wakale. Ankafika pamphambano n'kukhala pansi, michira ili pakati pa miyendo. Azimayi awiri a m'nyumba ya okalamba ankati masana, nthawi yoweruka ana kusukulu, ankamva kabelu kakulira chakumadzi. Anamwino anati ndi ukalamba. Ine ndinavomereza nawo, chifukwa kuvomereza kunali kosavuta.

Tsiku lina ndinkachokera kuchipatala cha m'tauni yoyandikana nayo, ndili ndi a Orrin okha. Dzuwa linali litapendeka koma kukutenthabe, fumbi lili kobo m'minda. Kuchokera pamene tinatuluka kwa dokotala mdalayo anali asanandinyozeko ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandidetsa nkhawa. Tinafika pamphambano paja, pamene msewu watsopano umakhotera kumanzere kukwera ku Wendel, wakale n'kupitirira molunjika kudamu. Pamenepo panali pataima mzimayi.

Anavala chikhothi chotuwa, kutentha konse kuja, ndi mpango kumutu. Kachikwama anakagwira ndi manja awiri kutsogolo, ngati munthu amene wadikira basi nthawi yaitali. Kumeneko anthu saimira munthu wosamudziwa, koma ine Chimalawi chinandigwira. Ndinaima n'kutsitsa galasi.

“Pepani,” anatero, “njira ya ku Wendel ndi iti?”

Ndinaloza kumanzere. “Ndi iyi, mayi. Ifenso tikupita komweko, kwerani.”

Anayang'ana kumene ndinalozako, nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono. “Ayi. Si kumeneko.”

Musandifunse nkhope yake. Ndinamuona bwinobwino, pafupi ngati pamene mwakhalapo alamu, koma ndikati ndiikumbukire imandipulumuka. Chimene ndimakumbukira ndi nsapato. Zinali zonyowa. M'mphepete mwa chikhothi munkadontha madzi, dontho limodzilimodzi, pafumbi limene linali lisanalawe mvula miyezi inayi. Kenako anasiya kuyang'ana ine n'kuyang'ana kumbuyo kwanga, kumene kunali a Orrin.

“Yendetsa,” a Orrin ananong'ona. “Fanuel, chonde, yendetsa.”

Zaka zonse zija ndinali ndisanamvepo mawu akuti chonde pakamwa pawo. Ndinaponda moto. Pagalasi loonera kumbuyo munali fumbi lokhalokha.

Masiku awiri mdalayo sanadye. Tsiku lachitatu anandiitanitsa kuchipinda kwawo n'kundiuza kuti nditseke chitseko.

“Dokotala uja wati mtima wanga watopa,” anatero. “Masabata, osati miyezi. Zimenezo sizikundiopsa. Khala pansi, usaime ngati mlonda.”

Ndinakhala.

“Pamene ankasamutsa manda, lole ndinkayendetsa ndine. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Manda zana limodzi ndi khumi ndi anayi, masabata atatu okha, madzi akukwera kale kumbuyo kwathu. Mafupa tinkawaika m'timabokosi tamatabwa, n'kulembapo nambala ndi penti. Kapitawo ankangokuwa kuti fulumirani. Bokosi la nambala 61 munali amayi anga, a Della. Anali atangotha zaka ziwiri m'manda. Ndinalinyamula ndekha, n'kuliika pakati pa anzake, n'kutsegula wailesi mwamphamvu kuti anzanga asamve kuti ndikulira. Ndinathamanga njira yonse osaima.” Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. “Chikhothi chija ndinawagulira ndine, ndi malipiro anga oyamba.”

Pompo ndinadziwa kuti akunena za mzimayi wa pamphambano uja.

“Malo anga ali pambali pa mwala wawo, paphiri paja. Koma kumeneko kulibe munthu, Fanuel. Ndakhala ndikupitako zaka zonsezi, ndipo ndimadziwa kuti ndikuyankhula ndi mwala. Tsopano mukandiika pamenepo, ndikagone ndekha, iwo akuyendayenda pamsewu kufunsa njira kwa alendo?”

Mdalayo analira. Ndiye pakamwa panga panatuluka funso limene sindinalikonzekere.

“Bambo, munawauza?”

“Kuwauza chiyani?”

“Kuti akusamuka.”

Apa ndiyenera kuulula manyazi anga, ndipo ena mwa inu mukuwadziwa. Bambo anga atamwalira ku Blantyre, tinanyamula thupi palole kubwera nalo kuno. Malume Zakeyu anakhala pambali pa bokosi njira yonse. Tikafika pamlatho ankagogoda pang'ono n'kunena kuti, “Alamu, tikuwoloka Shire pa Zalewa, musatsale.” Patsogolo, “Alamu, uyu ndi Rivirivi, kwanu kwayandikira.” Ine, kamnyamata kongotuluka kumene ku sekondale, ndinachita manyazi pamaso pa anzanga n'kuwauza kuti asiye zachikunja. Malume sanakwiye. Anangoti, “Munthu sanyamulidwa ngati thumba la makala, mphwanga. Umamuuza kumene ukupita naye.”

Zimenezi ndinawafotokozera a Orrin, ndikuyembekezera kuti andiseka. 

“Zopusa,” anatero. Kenako, “Mawa galimoto ili ndi ntchito?”

Ndinapita kukapempha mayi Lorna kuti atilongosolere pamene panali manda akale, chifukwa mapu ankasunga ndi iwo. Ndinafotokoza mozungulira, ndikuopa kuti andiona ngati wozungulira mutu. Anamvetsera mpaka kumapeto, magalasi ali pamphuno. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa buku lakuda la mayina a onse amene anasamutsidwa.

“Mukatenga mmodzi, enawo muwasiyira ndani?” anatero. “Agogo anga ndi nambala 19. Ndipita nawo.”

Tinanyamuka m'mawa, dzuwa lili phwee, chifukwa ine ndinakaniratu zopitako kukada. Mkulu wa anamwino tinamuuza kuti mdala akufuna kuona kwawo komaliza, ndipo sitinaname. Tinadutsa pamphambano, tinatsika msewu wakale, matayala akuphwanya matope ouma ong'ambikang'ambika. Pamene panali manda panali poonekeratu: timaenje tosaya, m'mizere m'mizere. Kunali zii. Ngakhale mbalame imodzi.

Ndinawatsitsa a Orrin pachikuku chawo n'kusiya chitseko cha minibasi chili chotsegula.

“Ndinene chiyani?” anafunsa. 

“Tchulani dzina lawo, dzina lanu, ndi kumene mukupita nawo. Monga mmene mungatsogolere munthu wosaona.”

Anakhosomola. Mawu anatuluka aang'ono, osati aja ankandikalipira nawo.

“Amayi. Amayi Della, ndine Orrin. Ndinakunyamulani osakuuzani. Tauni inasamuka, amayi, nyumba yathu kulibenso. Ndachedwa kwambiri, koma ndabwera kudzakutengani. Kwerani.”

Palibe chinachitika. Kamphepo kokha kanadutsa, kozizira, konunkha matope. Ndiye mayi Lorna anatsegula buku n'kuyamba kuwerenga ndi mawu aja a m'kalasi, dzina limodzilimodzi, ndipo pa dzina lililonse ankawonjezera kuti, “Tikupita ku Wendel watsopano, kwerani.”

Atafika cha pa dzina lachisanu, minibasi inalira kwee, ngati mmene imachitira munthu akaponda pakhomo. Ndinati mwina ndi chitsulo chikutentha ndi dzuwa. Inaliranso. Ndinayang'ana tayala lakumbuyo, ndipo ndinaona ndi maso angawa mpata wa pakati pa tayala ndi thupi la galimoto ukuchepa pang'onopang'ono. M'kati munalibe kanthu, mipando khumi ndi inayi ili mbee. Pofika dzina lomaliza galimoto inali itakhala pansi ngati yasenza matumba a chimanga. Alamu, ngakhale makondakitala a ku Mbayani sanapakirepo chotero.

Ndinawakweza a Orrin kutsogolo, mayi Lorna pakati, ine pachiwongolero. Galasi loonera kumbuyo ndinalipotoza kuti liyang'ane kudenga. Tonse atatu sitinapangane, koma palibe amene anacheuka. Mawindo anachita nkhungu m'kati, kunja dzuwa likuswa mtengo. Kumbuyo kwathu kunkamveka kaphokoso kochepa, ngati anthu ovala zovala za Lamlungu akusendezana kuti akwane.

Tinakwera ndi giya yoyamba mpaka pamphambano. Nditangopotoza chiwongolero kumanja, injini inazima.

Ndinaliza. Zii. Ndinalizanso. Zii. M'galimoto munazizira mpaka mpweya wathu unkaoneka.

“Auzeni, bambo,” ndinatero, mano akugundana.

“Amayi, tikukhotera pa msewu wa nambala 9,” anatero a Orrin. “Ndi umene umapita kutauni.”

Ndinaliza. Palibe. Kumbuyo, chogwirira cha chitseko chinayamba kugwedera pang'onopang'ono, ngati wina akufuna kutsika. A Orrin anandigwira mkono. “Akutsika, Fanuel. Sakundikhulupirira.”

Ine nzeru zinandithera. Mwambo wa malume unali utafika polekezera. Amene anatipulumutsa ndi mayi Lorna ndi mapepala awo aja.

“Orrin, msewu wa nambala 9 anaumanga iwo atamwalira kale,” anatero. “Sakuudziwa. Kale pano pankadutsa chiyani? Kumbukira!”

Mdalayo anatsinzina.  Kenako anatsegula maso.

“Amayi! Iyi ndi njira ya ngolo ija yopita kuchigayo cha a Dunmore. Ija munkandituma ndi thumba la tirigu Loweruka. Anangoithira phula, koma ndi yomwe ija.”

Chogwirira chinasiya kugwedera. Ndinagwira kiyi, ndipo injini inalira kamodzi n'kamodzi.

Kuyambira pamenepo awiriwo sanatseke pakamwa. Ankalandizana. “Uwu ndi munda wa a Pruitt, mtengo waukulu uja anadula.” “Tikuwoloka kamtsinje kamene munkatola mabulosi, musatsale.” “Apa panali khola la nkhosa la amasiye aja.” Dera lonse limene ine ndinkalidziwa ndi manambala a misewu, iwo analivundukula n'kulitchula ndi mayina ake akale. Titalowa m'tauni, a Orrin analoza tchalitchi choyera cha pakona. “Chimenecho mukuchidziwa, amayi. Ndi chomwe chija, tinangochikoka.” Kumbuyo kunamveka ngati anthu ambiri apumira pamodzi. Anthu a m'misewu ankaima kuyang'ana minibasi yopanda anthu ikukwawa ngati kamba, koma palibe anatiimbira hutala.

Paphiri ndinatsegula chitseko n'kuima pambali, chipewa chili m'manja. Mayi Lorna anayambanso kuwerenga, ulendo uno akuyenda pakati pa miyala n'kumaloza. “Malo anu ndi awa. Inu anu ndi awa, pambali pa amuna anu.” Pa nambala 19 mawu awo anaduka, anapukuta magalasi, n'kupitiriza. Galimoto inkadzuka pang'onopang'ono. Nambala 61 anaidumpha dala, kuti ikhale yomaliza.

Ndinakankha chikuku mpaka pamwala wolembedwa Della Haskett.

“Tafika, amayi,” anatero a Orrin. “Panu ndi pano. Apa pambalipa ndi panga. Sindichedwa.”

Minibasi inalira kwee komaliza. Kunalibe mphepo ngakhale pang'ono, udzu uli chiimire. Koma tsitsi la mdalayo, loyera lija linkangoima nyankhalala, ndinaliona likugona lokha, kuchokera pamphumi kupita kumbuyo, kawiri. Iwo anatsinzina n'kumwetulira ngati kamwana.

“Ankadana ndi tsitsi losapesa,” anatero.

Pobwerera mipando yonse inali yonyowa, ndipo ndinatha masiku atatu ndikuiumitsa. Kwa mayi Lorna sikunasowenso kanthu, kupatula kiyi uja. Anamupeza ali pamwamba pa mwala wa a Della, poti anali wa nyumba yawo yakale, ndipo anamusiya pomwepo. Mvula inagwa mu Novembala, madzi n'kukwiriranso tauni yakale. Sindikunena kuti tinaigwetsa ndife. Koma pamene mayi Lorna ankauza anthu nkhaniyi kutchalitchi, anthuwo anagwirizana kuti chaka chilichonse aziyenda njira imeneyo ndi buku lija, akutchula malo ndi mayina ake akale kuti ana awadziwe. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kameneka sikanali kanga. Kanali ka malume Zakeyu, amene ndinawanyoza.

A Orrin anakhala masabata asanu, akudya bwino ndi kundinyoza tsiku lililonse. Chakumapeto anandiuza kuti, “Tsiku langa ukakhale m'galimoto ya maliro. Ukandiuze njira. Koma ukayankhule Chingelezi, ndingasochere ndi chilankhulo chakocho.”

Ndinachitadi. Ndinakhala kutsogolo pambali pa dalaivala wa suti yakuda, dzanja langa lili pabokosi kumbuyo. “Bambo, tikutuluka pageti. Bambo, tikudutsa tchalitchi chija munachikoka. Bambo, tayamba kukwera phiri.” Dalaivalayo ankangondiyang'ana cham'mbali.

Titafika pageti la manda anachepetsa liwiro n'kuloza ndi chibwano.

“Ndimayesa mdalayu analibe wachibale. Nanga mayi awo ndi ndani?”

M'kati mwa mpanda, osati kunja, munali mutaima mzimayi wa chikhothi chotuwa, kachikwama kali m'manja awiri. Sankafunsa munthu njira. Ndinayang'ana nsapato. Zinali zouma.

“Alipo wachibale,” ndinamuyankha. “Abwera kudzawachingamira.”

Ndinagogoda pabokosi kawiri, monga ankachitira malume.

“Bambo, tafika. Akukudikirani.”